Salman Al-Farsi: Mlendo wa ku Persia amene adawerengedwa m'banja la Mtumiki

Munthu wochokera ku Salima akangoyamba kukwera zitunda za ku Mvera ndi Chezi amaona kuti dziko lasintha. Mizikiti imene amaiona pafupipafupi m'mbali mwa nyanja imayamba kutalikirana, ndipo m'malo mwake mumachuluka matchalitchi, poti mishoni idafika pa Mvera kale m'chaka cha 1889. M'mapiri amenewa a Dowa ndi Ntchisi Asilamu alimo, koma ena mwa iwo Chisilamu adachilowa ali aakulu, atakulira m'tchalitchi kapena pafupi ndi dambwe. Akatsikira kunyanja kukafunsira mbeta kapena kukaphunzira ku madrasa, nthawi zina timawalandira ngati alendo pa chipembedzo, chifukwa Chiyao sachidziwa ndipo agogo awo sadaswaliko. Banja lililonse limene lidakhalapo ndi mtima wotere liyenera kumva mbiri ya Salman Al-Farsi (Allah asangalale naye), munthu amene adadutsa m'zipembedzo za maufumu awiri aakulu a nthawi yake asanafike kwa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye).

Dziko la moto wosazima

Salman adabadwira m'mudzi wa Jayy pafupi ndi Isfahan, m'dziko limene lero likutchedwa Iran, ngakhale kuti nkhani zina zimatchula Ramhormoz. Mbiri ya moyo wake adaifotokoza yekha kwa Abdullah ibn Abbas, ndipo idasungidwa ndi Ibn Ishaq, wolemba mbiri ya Mtumiki amene adamwalira cha m'ma 767. Bambo ake adali dihqan, kutanthauza mwini minda yaikulu ndiponso mkulu wa mudzi.

Mtundu wake sudali wochepa. Mfumu Cyrus ya ku Persia idagonjetsa Babylon zaka 539 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, nilola Ayuda amene adali ku ukapolo kubwerera kwawo. Asilikali a mafumu otsatira, Darius ndi Xerxes, adawoloka nyanja kukamenyana ndi Agiriki, koma adagonja pa Marathon m'chaka cha 490 ndi pa Salamis m'chaka cha 480. Agiriki adadzabwezera kudzera mwa Alexander wa ku Macedonia, amene adaphwanya gulu lankhondo la Persia m'chaka cha 331 natentha mzinda wachifumu wa Persepolis. Zonsezi zidachitika Isa asanabadwe. Patapita mibadwo yambiri, m'chaka cha 224 Isa atabadwa, banja la Sasan lidadzutsanso ufumuwo. Likulu lake lidali Ctesiphon m'mphepete mwa mtsinje wa Tigris, mzinda umene Aarabu ankautcha Al-Mada'in, ndipo mfumu yake ankaitcha Kisra.

Chipembedzo cha ufumuwo chidachokera kwa Zarathustra, ndipo buku lake ndi Avesta. Chinkaphunzitsa kuti pali Ahura Mazda, mlengi wa kuwala ndi zabwino, ndiponso Ahriman, gwero la mdima, bodza ndi imfa, ndi kuti dziko lapansi ndi bwalo la nkhondo ya awiriwa. Otsatira ake ankalangizidwa kusamala maganizo, mawu ndi zochita zawo, ankapemphera kasanu pa tsiku, ndipo ankakhulupirira kuti pali chiweruzo munthu akafa. Moto, madzi ndi nthaka ankaziyesa zoyera, kotero maliro sankawakwirira kapena kuwatentha. Ankawasiya pamalo okwera kuti mbalame zidye. M'nyumba zawo zopembedzera munkayaka moto umene sunkaloledwa kuzima usana ndi usiku. Aarabu ankawatcha Majusi, ndipo Qur'an ikuwatchula mu Surat Al-Hajj pamodzi ndi Ayuda ndi Akhristu. Kwa Msilamu, vuto la chiphunzitsochi lidali poyera: choipa chidapatsidwa mwini wake wopikisana ndi Mlengi, pamene Allah alibe mnzake pa ufumu Wake. Anthunso adagawidwa m'magulu a ansembe, ankhondo, alembi ndi anthu wamba, ndipo mwana ankakhala m'gulu limene adabadwiramo.

Salman adalimbikira m'chipembedzochi mpaka adapatsidwa udindo wosonkheza moto wopatulikawo. Bambo ake ankamukonda kwambiri moti sankamulola kutuluka pakhomo. Tsiku lina iwo atatanganidwa ndi ntchito yomanga, adamutuma kukayendera munda. Panjira adamva mawu a anthu akupemphera m'tchalitchi, nalowa kuti aone, ndipo adakhala momwemo mpaka dzuwa kulowa osafika kumundako. Atafunsa kumene chipembedzocho chidachokera, adamuuza kuti ndi ku Sham, dera la Syria ndi maiko oyandikana nalo. Pobwerera kunyumba adauza bambo ake mosabisa kuti waona chipembedzo choposa cha makolo. Iwo adachita mantha, nam'manga unyolo kumiyendo. Koma iye adatumiza uthenga kwa Akhristu aja, ndipo amalonda a ku Sham atakonzeka kubwerera kwawo adavula unyolowo natsagana nawo. Kwa bambo ake sadabwererenso.

Pakati pa Aroma

Sham idali m'manja mwa Aroma, adani akale a Persia. Aroma a nthawi imeneyo, amene Aarabu ankawatcha Rum, ankalankhula kwambiri Chigiriki, ndipo likulu lawo lidali Constantinople, Istanbul ya lero. Makolo awo ankapembedza milungu yambiri. Agiriki adali ndi Zeus, Apollo ndi Athena, milungu imene m'nthano zawo inkakwatirana, kuchitirana nsanje ndi kukangana ngati anthu. Aroma adali ndi Jupiter, Mars ndi Minerva, ndipo adawonjeza kufukiza lubani kwa mfumu yawo, nazunza Akhristu amene ankakana kutero. Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 313 pamene Constantine adapereka ufulu kwa Chikhristu, ndipo m'chaka cha 380 Theodosius adachisandutsa chipembedzo cha boma.

Komabe mtendere sudabwere m'tchalitchi. Mabishopu adasiyana maganizo pa funso lakuti Isa ndi yani, ndipo misonkhano ya ku Nicaea mu 325, ku Ephesus mu 431 ndi ku Chalcedon mu 451 idasiya mipingo yogawanika. Ena mwa amene boma lidawakana adakhazikika kum'mawa, m'dera la ufumu wa Persia, kumene adali ndi sukulu yotchuka pa Nisibis. Umu ndi momwe zidakhalira kuti mnyamata wa ku Isfahan amve mapemphero a Chikhristu pafupi ndi munda wa bambo ake.

Atafika ku Sham, Salman adafunsa za munthu wodziwa kwambiri chipembedzocho, ndipo adamulozera kwa bishopu. Adakhala naye namutumikira, koma adapeza kuti mkuluyo ankalamula anthu kupereka zachifundo nkumazisunga yekha, mpaka adadzaza mitsuko 7 ya golide ndi siliva. Bishopuyo atamwalira, Salman adaulula zonse nawaonetsa anthu pamene chumacho chidabisidwa. Pano wina akadanena kuti atsogoleri onse a chipembedzo ndi akuba, nabwerera kwawo kukadya chuma cha bambo ake. Salman adakhalabe, ndipo amene adalowa m'malo mwa bishopu uja adali munthu wodzisunga, wopemphera usana ndi usiku, moti Salman adanena kuti adali asanakondepo munthu ngati iye.

Mphunzitsi ameneyu ali pafupi kumwalira adamulozera kwa mnzake wa ku Mosul. Wa ku Mosul adamulozera ku Nisibis, ndipo wa ku Nisibis adamutumiza ku Ammuriya, mzinda wa Aroma umene uli m'dziko la Turkey lero. Paliponse ankakhala mpaka kumuika m'manda mphunzitsi wake. Ku Ammuriya adagwira ntchito mpaka adakhala ndi ng'ombe ndi nkhosa zakezake. Wotsirizayu adamuuza kuti sakudziwanso wina woti amulozereko, koma kuti yayandikira nthawi ya Mneneri amene adzatumidwe ndi chipembedzo cha Ibrahim m'dziko la Aarabu, nadzasamukira kudera la mitengo ya tende lokhala pakati pa zipululu ziwiri za miyala yakuda. Adamupatsa zizindikiro zitatu: sadzadya sadaka, adzalandira mphatso, ndipo pakati pa mapewa ake padzakhala chidindo cha uneneri.

Tiyenera kuona kuti Salman, ngakhale atakalamba m'Chisilamu, ankawakumbukira aphunzitsi ake Achikhristu mwaulemu. Woipa uja adamutchula kuti ndi woipa, ndipo abwino aja adawatchula kuti ndi abwino.

Kapolo m'munda wa tende

Amalonda a fuko la Kalb atadutsa ku Ammuriya, Salman adawapatsa ziweto zake zonse kuti amutengere ku Arabia. Atafika pa Wadi al-Qura adamuchita chiwembu namugulitsa ngati kapolo. Kenaka adagulidwa ndi munthu wa fuko la Banu Qurayza, amene adapita naye ku Yathrib, mzinda umene udadzatchedwa Madinah. Atangouona adauzindikira kuti ndi uja adamufotokozera mphunzitsi wake.

Ife a kuno ululu wotere sitiumva ngati nkhani yakutali. Kuyambira cha m'ma 1840, a Jumbe atakhazikika pa Nkhotakota, anthu ogwidwa kumtunda ankawolotsedwa nyanja pa zombo ulendo wa ku Kilwa, ndipo ena mwa ogula ndi ogulitsa adali anthu oswali. Chimene amalonda a Kalb adachita kwa Salman, kugulitsa mfulu ndi kudya mtengo wake, ndi tchimo limene Mtumiki adachenjeza kuti Allah Mwini adzakhala wotsutsana ndi wolichita pa Tsiku la Chiweruzo.

M'chaka cha 622, Salman ali pamwamba pa mtengo wa tende, adamva wachibale wa bwana wake akunena kuti anthu asonkhana pa Quba kwa munthu wochokera ku Makkah amene akuti ndi Mneneri. Adanjenjemera mpaka kutsala pang'ono kugwa. Atatsika ndi kufunsitsa, bwana wake adam'menya namuuza kuti abwerere ku ntchito. Madzulo ake adatenga chakudya chimene adasunga, napita nacho ku Quba, nanena kuti ndi sadaka. Mtumiki adauza Maswahaba kuti adye koma iye sadakhudze. Ulendo wina adabwera ndi chakudya nanena kuti ndi mphatso, ndipo Mtumiki adadya pamodzi ndi anzake. Kachitatu adamupeza pa maliro ku manda a Baqi, nazungulira kumbuyo kwake. Mtumiki adazindikira chimene ankafuna, natsitsa nsalu ya kumapewa, ndipo Salman atachiona chidindocho adagwa pa iye akulira.

Ukapolo udamulepheretsa kupezeka pa nkhondo ya Badr mu 624 ndi ya Uhud mu 625. Mtumiki adamulangiza kuti apangane ndi bwana wake za kudziwombola, ndipo mtengo wake udali kubzala mitengo ya tende 300 ndi kupereka golide wolemera ma uqiya 40. Maswahaba adasonkha mbande, wina 30, wina 20, wina 10, aliyense monga momwe akadathera. Salman ndi anzake adakumba maenje, Mtumiki nabzala ndi dzanja lake, ndipo mitengoyo idaphuka. Golide adachokera ku chibulumwa chonga dzira la nkhuku chimene chidaperekedwa kwa Mtumiki. Ufulu wa mlendoyu udagulidwa ndi mudzi wonse.

Nzeru ya kwawo ipulumutsa Madinah

Zaka zonsezi maufumu awiri amene Salman adakhalamo adali pa nkhondo, kuyambira 602 mpaka 628. Asilikali a Kisra Khosrow II adalanda Jerusalem m'chaka cha 614, ndipo opembedza mafano a ku Makkah adakondwera kuti anthu a buku agonja. Pamenepo padatsika Surat Ar-Rum, imene idalengeza kuti Aroma adzapambana m'zaka zochepa. Zidachitikadi: mfumu yawo Heraclius idagonjetsa Persia pa Nineveh m'chaka cha 627, ndipo chaka chotsatira Khosrow adaphedwa ndi mwana wake yemwe.

M'chaka chomwecho cha 627, chachisanu cha Hijra, Akuraishi ndi mafuko ogwirizana nawo adabwera ndi anthu pafupifupi 10,000 kudzathira nkhondo Madinah, pamene Asilamu adali pafupifupi 3,000. Mbali zina za mzindawo zidatetezedwa ndi miyala yakuda ija, minda ya tende ndi nyumba zoyandikana, koma kumpoto kudali poyera. Makolo athu a kumtunda kuno ankathawira m'phiri la Ntchisi kapena kumanga malinga pamene Angoni ankabwera. Aarabu nawo adali ndi njira zawo, koma kukumba ngalande sadakudziwe. Salman adafotokoza kuti kwawo ku Persia akaopa asilikali a pa akavalo ankakumba ngalande yakuya kuzungulira malo awo. Mtumiki adalandira maganizowo nagwira nawo khasu, ali ndi njala ngati wina aliyense. Akavalo a adani adaima kutsidya pafupifupi mwezi wathunthu, kenaka Allah adatumiza mphepo yozizira imene idazula mahema awo, iwo nabalalika. Ngakhale liwu loti Khandaq, limene ana athu amaliloweza ku madrasa, lidachokera ku chilankhulo cha ku Persia. Akale adanena zoona kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Mabuku a mbiri akusimba kuti pokumba ngalandeyo a Muhajirun ndi a Ansar adalimbirana Salman, gulu lililonse likufuna kuti akhale wawo, ndipo Mtumiki adathetsa mkanganowo pomuwerengera m'banja lake lenileni. Munthu wopanda fuko ku Arabia, wolankhula Chiarabu cha mlendo, adakhala pamzere umodzi ndi Bilal wa ku Abyssinia ndi Suhayb amene adakulira pakati pa Aroma.

Ku Madinah adalumikizidwa pa ubale ndi Abu Darda. Tsiku lina adapeza mkazi wa m'bale wakeyo atavala zosasamalika, chifukwa mwamuna wake adasiya za pakhomo nkumangosala usana ndi kuswali usiku wonse. Salman, amene adakhala zaka zambiri ndi anthu odzipatula ku za dziko, adakana kudya mpaka Abu Darda atamasula swaumu yake yongodzipereka, adamugoneka mpaka chakum'bandakucha, ndipo adamukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake, aliyense ali ndi gawo lake pa iye. Nkhaniyi itafika kwa Mtumiki, adavomereza kuti Salman wanena zoona.

Bwanamkubwa woluka madengu

Mtumiki atamwalira m'chaka cha 632, ufumu wa Persia udali utafooka kale. Asilamu motsogozedwa ndi Sa'd ibn Abi Waqqas adapambana pa Qadisiyya cha m'ma 636, ndipo Al-Mada'in idagwa mu 637. Salman adali nawo, ndipo ankalankhula ndi anthu a mtundu wake m'chilankhulo chawo, kuwaitanira ku Chisilamu nkhondo isanayambe. Majusi amene adasankha kukhalabe m'chipembedzo chawo adalandiridwa jizya, Abdur-Rahman ibn Awf atachitira umboni kuti Mtumiki adachita chimodzimodzi ndi Majusi a ku Hajar. Mpaka lero otsatira a Zarathustra alipo ku Yazd m'dziko la Iran ndi ku Mumbai m'dziko la India.

Khalifa Umar adamuika Salman kukhala bwanamkubwa wa Al-Mada'in, likulu lomwe lija la a Kisra. Malipiro ake a ma dirham 5,000 ankawagawa kwa osauka, iye nkumadya za manja ake. Ankaluka madengu ndi masamba a tende, monga amayi a kunyanja amalukira mikeka ndi mlaza. Masamba a dirham imodzi ankatulutsa katundu wa ma dirham atatu: imodzi yogulira masamba ena, imodzi ya banja, imodzi ya sadaka. Mlendo wina adamuyesa wamtengatenga namusenzetsa katundu, ndipo anthu atamuuza kuti ameneyo ndi bwanamkubwa adachita manyazi, koma Salman adakana kutula mpaka atamufikitsa kumene ankapita.

Adamwalira chakumapeto kwa ulamuliro wa Uthman, cha m'ma 35 Hijra. Sa'd atapita kukamuzonda adamupeza akulira, poopa kuti wadzikundikira za dziko kuposa kamba wa paulendo amene Mtumiki adawalangiza, chonsecho m'nyumbamo mudali ziwiya zochepa chabe. Manda ake ali pa Salman Pak, kummwera chakum'mawa kwa Baghdad, pafupi ndi chipilala chachikulu cha njerwa chimene chidatsala pa nyumba yachifumu ya a Kisra.

Imam Bukhari adasunga nkhani yakuti Mtumiki adaika dzanja lake pa Salman nanena kuti chikhulupiriro chikadakhala kutali kunyenyezi, anthu a mtundu wake akadachifikira. Mbiri idatsimikiza zimenezi. Imam Muslim adachokera ku Nishapur, Imam Ghazali ku Tus, ndipo Sheikh Abdul Qadir, amene Twariqa ya Qadiriyya yofala kunyanja kuno idatenga dzina lake, adachokera ku Jilan. Onsewa ndi ana a maiko amene kale munkayaka moto wa Majusi. Ngakhale mbiri ya ku Kilwa, kumene amalonda a Chiyao ankapita, imati mafumu ake oyamba adachokera ku Shiraz. Gawo lalikulu la maphunziro amene tikunyadira lidatifikira kudzera mwa zidzukulu za anthu olowa Chisilamu.

Choncho mnyamata wa ku Chezi kapena wa m'mapiri a Ntchisi akafika pakhomo panu atapereka Shahada chaka chatha, Al-Fatiha akuiwerenga movutikira ndipo makolo ake ali m'tchalitchi, funsani za swala yake, khalidwe lake ndi ntchito ya manja ake, monga mukadafunsira mwana wa mnansi wanu. Ngati kwawo adamukana, musonkhereni mbande monga Maswahaba adachitira. Musamuphunzitse kunyoza amene adamulera, ndipo mumumvere akamalankhula pabwalo, chifukwa nzeru imene wabwera nayo mwina ndi imene mudzi wanu ukuisowa. Allah asangalale ndi Salman, ndipo atipatse mitima yolandira amene Iye wawaongola.